Telala Amene Anakana Kusoka Yunifomu

Panali mayi wina, telala, amene ankasoka pakhonde la golosale pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu wa tala. Dzina lake anali Nachisale. Inu amene mwatsegula kale makope kuti mulembe, tatsekani kaye, izi n'za makutu.

Nachisale ankadziwa kusoka, ndipo ankadziwa kuti amadziwa. Chovala chochoka m'manja mwake chinkagwira thupi ngati munthu wabadwa nacho. Koma anali ndi khalidwe limodzi limene aliyense pamsikapo ankalidziwa: sankasiya mpendero waukulu. Mayi akabwera ndi mwana n'kunena kuti, "Musiyeko pang'ono m'munsimu, akukulatu uyu," Nachisale ankatsitsa magalasi pamphuno n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mwandibweretsera mwana wa lero kapena wa chaka chamawa? Wa chaka chamawayo mudzabwere naye chaka chamawa." Anthu ankang'ung'udza, ankamujeda ku mjigo, koma mawa lake ankabweranso ndi nsalu zawo.

Ana analibe. Anabereka awiri, ndipo onse anawaika m'manda asanayambe kuyenda. Mwamuna wake anadikira zaka zingapo, kenako anapita kukafuna ana kwina. Zimenezi Nachisale sankazikamba ndi munthu. Madzulo ankatseka makina ake, kuwanyamulira m'golosale, n'kupita kunyumba kwake kumene kunali kosesedwa bwino ndi kwachete.

Chaka china boma linayambitsa ntchito imene inunso mwaitanidwirayi, yopeza anthu akuluakulu oti aziyenda ndi ana amene makolo awo ali kundende. Ankawatcha alangizi. Boma linkawaphunzitsa milungu iwiri, n'kuwapatsa njinga, kope lolembamo, yokwerera minibasi, ndi kalata ya chidindo yowalola kupita ndi mwanayo kundende kamodzi pamwezi. A boma atafunsa dzina pamsika paja, anthu anatchula Nachisale. Ena amati anamutchula pomulemekeza. Ine ndimakayika. Ndimaganiza kuti ankafuna kuona ngati mwana angamufewetse mayi ameneyu.

Anamupatsa mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, dzina lake Ndaziona. Mayi ake a Ndaziona, Elube, ankagulitsa mandasi pamsika pomwepo. Tsiku lina Elube anakangana ndi mkazi amene ankayenda ndi mwamuna wake, ndipo mumkwiyo anamuthira mafuta otentha. Sindikuuzani kuti anamunamizira, ayi. Analakwa, ndipo mkazi uja anakhala ndi zipsera moyo wake wonse. Khoti linapereka zaka zisanu ndi ziwiri. Apolisi anamutenga masana, msika wonse ukuona, Ndaziona ataima pomwepo ndi beseni la mandasi m'manja. Bambo ake anazimiririka. Mwanayo anatengedwa ndi malume ake, munthu wabwino ndithu, koma wa ana asanu ndi mmodzi akeake. Kusukulu anzake anamupekera nyimbo ya mwana wa kaidi, ndipo iye ankawayankha ndi zibakera.

Tsiku loyamba malume aja anamubweretsa pakhonde.

"Ndiwe Ndaziona?" anafunsa Nachisale. "Mwana wa Elube?"

"Ine ndilibe mayi," anatero mwanayo.

Kumaphunziro kuja anawauza kuti azifunsa mwana mmene akumvera mumtima. Nachisale anatsegula kope n'kufunsa. Mwana anangoyang'ana zala za kumapazi. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu Nachisale anatopa, anatseka kope, n'kukankhira chitini cha mabatani kwa mwanayo. "Sindimadyetsa anthu ongokhala ine. Patula awa, oyera kuno, akuda uko." Ndaziona anapatula. Mawa lake anabwera yekha, wosatumidwa. Pakutha mwezi anali ndi kampando kake pafupi ndi makina, ndipo akaweruka kusukulu ankalemba ntchito ya aphunzitsi pamenepo, Nachisale akumukalipira za zilembo zokhota monga ankakalipirira msoko wokhota.

Loweruka lomaliza la mwezi linali tsiku lopita kundende. Nachisale anati, "Samba, tikaone mayi ako." Mwana anati, "Pitani nokha." Anayesa kumunyengerera, anayesa kumuopseza, koma mwana anakanitsitsa. Nachisale anapita yekha.

M'chipinda chochezera munali benchi, ndi msilikali wamkazi wa ndende ataima pakhomo. Elube analowa. Sanamuyang'ane Nachisale konse, maso ake anali kuseri kwake, kufuna kamunthu kakang'ono.

"Ali kuti?"

"Wakana."

Elube anakhala pansi. Kenako anafunsa, "Wakula bwanji?"

"Wakula ndithu."

"Wakula bwanji, mayi? Ndinamusiya akundifika apa," anatero akuloza m'nthiti mwake. "Pano akufika pati?"

Abale inu, Nachisale anachita manyazi. Telala wa zaka makumi awiri, wafunsidwa msinkhu wa munthu, n'kuyankha kuti wakula ndithu, ngati akunena za chimanga cha m'munda mwa eni! Njira yonse yobwerera ankadzinyoza m'minibasi. Lolemba anang'amba kansalu kakatali pa zidutswa zotsala, anakapota kukhala chingwe, n'kumuimika Ndaziona pakhoma. Anamanga mfundo ya msinkhu, ya mapewa, ya chiuno, ya mkono.

"N'za chiyani zimenezi?" anafunsa mwanayo.

"N'za boma," anatero Nachisale. Bodza limeneli musaliiwale, libweranso.

Mwezi wotsatira anapita nacho chingwe chija. Msilikali uja anachigwiragwira n'kunena kuti, "Chingwe sichigona kuno, mayi. Achione, mubwerere nacho." Ndiye Elube anachita chinthu chimene Nachisale sanachiiwale. Anaimirira, anaponda nsonga ya chingwe ndi chala cha kuphazi, n'kuchikweza m'thupi mwake mpaka pa mfundo yoyamba. Inafika pachifuwa. Anadina pamenepo ndi chala, atatsinzina. Kenako anawerenga mapewa a mwana wake ndi zikhato, chiuno anachiyeza pa mkono wake, mobwerezabwereza, milomo ikugwedezeka. Nthawi itakwana anabweza chingwe. Kuyambira pamenepo, miyezi itatu iliyonse Nachisale ankapota chingwe chatsopano, ndipo Elube ankasunga mwana wake pathupi pake, popeza kunalibe kwina komusunga.

M'ndendemo munali chipinda cha makina awiri m'mene akaidi aakazi ankaphunzira kusoka. Elube anapempha kulowamo. Tsiku lochezera ankatembenuza chovala chake kuti Nachisale aone msoko. Nachisale sankadziwa kuyamika. "Msoko wanuwu ukuyenda ngati munthu wochokera ku kachasu. Masulani, muyambirenso." Elube ankaseka, ndipo mwezi wotsatira msoko unkakhala wowongokako.

Zaka zinapita. Mfundo ija inachoka pachifuwa n'kufika paphewa, kuchoka paphewa n'kufika pachibwano. Kusukulu Ndaziona anasiya ndewu. Iye amene dzina lake linkawerengedwa kumapeto pa tsiku lotsekera, makolo ambiri atanyamuka kale, anayamba kumveka koyambirira. Pakhonde anaphunzira kuika mabatani, kupendera, kuthira mafuta m'makina. Nachisale ankalemba zonsezi m'kope la boma, ndipo a ku ofesi yoona za ana akabwera kudzayendera ankagwedeza mitu mokhutira. Chimodzi chokha sichinasinthe. Loweruka lomaliza la mwezi likafika, Nachisale ankati, "Tipite?" ndipo yankho linali lomwe lija, "Pitani nokha."

M'chaka chachinayi, tsiku wamba, masana wamba, Ndaziona ankasoka batani. Osakweza n'komwe mutu anati, "Amayi, ulusi watha."

Phazi la Nachisale linaima pa chopondera. Mawu amenewo palibe amene anali atamuuzapo chibadwire, pakuti ana ake aja anapita asanayambe kulankhula. Ankadziwa bwinobwino zimene anayenera kuyankha, anawachenjeza kumaphunziro. Koma anangoti, "Tsegula kabati, tenga wina." Ndikuuzeni mosabisa: anakondwa. Madzulo amenewo anapita kunyumba akuimba, ndipo anthu a m'njira anafunsana ngati Nachisale wadwala.

Mwezi umenewo sanapite kundende. Anati ntchito yachuluka, pali madiresi a ukwati. Mwezi wotsatira anati mwendo ukupweteka. Mwendo wake uti? Umene unkapalasa njinga tsiku ndi tsiku! Mwezi wachitatu manyazi anamugwira, ananyamuka.

Anapeza Elube ataonda.

"Ndimati mwatopa nane," anatero Elube. Anayeza chingwe monga mwa masiku onse, kenako anafunsa, maso ali pansi, "Mwanayu amakutchulani chiyani?"

Nachisale anafuna kunama, koma lilime linakana. "Amati amayi."

Elube anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mtengeni basi. Ndikunena ndi mtima wonse. Mwana wa telala palibe amamuimba nyimbo. Ndikadzatuluka ndidzapita kwina, sindidzamusokoneza. Muzingondibweretsera chingwechi."

Si Elube yekha amene ananena zimenezi. Malume aja tsiku lina anadutsa pakhonde n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu mwamuumba ndinu. Ngati mukufuna azigona kwanu, ife sitikana." Amayi a pamsika anali atayamba kale kumutcha Nachisale kuti amake Ndaziona. Onani mmene zinakhalira: mwini mwana wapereka, malume apereka, msika wonse wavomera, mwanayo akufuna. Chitseko chinali chotsegula, ndipo palibe akanamunena kuti wakuba. Nachisale sanavomere, komanso sanakane. Anapitiriza kupita kundende, koma akaitanidwa kuti amayi ankavomera.

Ndiye kunabwera zotsatira za mayeso a Sitandade 8. Mphunzitsi wamkulu anabwera yekha pakhonde, akupuma wefuwefu: Ndaziona wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, kutali, kudera lina. Ha! Pamsika panali phokoso tsiku limenelo. Ogulitsa tomato anasiya tomato n'kuyamba kuvina. Ena mwa iwo ndi amene ana awo anapeka nyimbo ija, koma tisiye zimenezo. Kudzera mu ntchito yomweyi ya alangizi, boma linatumiza nsalu ya yunifomu, yobiriwira ya siketi ndi yoyera ya bulauzi. Ndaziona anaiyala pa tebulo la makina.

"Amayi, musoke ija yoti aliyense kusekondaleko akangoona adziwe kuti uyu ndi mwana wa telala."

M'mawa mwake, mwana asanabwere, Nachisale anayala nsalu ija, anatenga choko, anatenga sizasi. Miyezo anali nayo m'mutu. Ntchitoyo inali ya tsiku limodzi. Anakweza sizasi, ndipo pamenepo anaona mmene zidzathere. Mwanayu apita kumene palibe amene akudziwa za mafuta otentha aja. Akafunsidwa kuti mayi ako amatani, adzati ndi telala, adzaonetsa msoko, ndipo anthu adzakhulupirira. Akadzabwera ku tchuthi adzafikira kwa Nachisale. Elube adzatuluka chaka chamawa n'kupita kwina monga analonjeza, ndipo mwana amene wamusunga pathupi zaka zisanu sadzamuonanso. Zonsezi Nachisale anaziona, ndipo mtima wake unkazifuna. Anaima nthawi yaitali sizasi ili m'mwamba. Kenako anaiika pansi, anapinda nsalu, anaimanga pa njinga, n'kupalasa ulendo wa ku ofesi.

Anapempha kalata yoti nsaluyo ikalowe m'chipinda chosokera cha kundende. A ku ofesi anadabwa, koma analemba. Akuluakulu a ndende anaiwerenga kawiri, n'kuvomera. Amene anavuta ndi Elube.

"Ayi, mayi. Ndiononga nsalu ya boma."

"Mukaononga, dzina loipa ndi langa. Anthu adzati Nachisale wakalamba."

"Nanga akadziwa kuti ndasoka ndine? Sadzaivala."

"Mwina sadzaivala," anatero Nachisale. "Sokani."

Anatulutsa chingwe kuti alembe miyezo papepala. Elube anaika dzanja pa nsalu ija, n'kunena chapansipansi, "Bwererani nacho. Ndinamuyeza mwezi watha. Ndikumudziwa."

Panapita milungu itatu. Ndaziona ankaona makina akusoka zovala za eni, masiketi a ana ena opita kusekondale, yake ayi. "Yanga liti, amayi?" "Ikubwera." Nachisale chakudya sichinkamulowa. Ankadziwa kuti yunifomu ikabwera yoipa, mwana apita kusukulu ndi manyazi. Ikabwera yabwino, iye ataya mwana. Sankadziwa kuti apempherere chiti.

Tsiku linafika. Unali m'mawa wa Lachiwiri, sukulu zitatsala mlungu umodzi kuti zitsegulidwe. Ndaziona analowa kuseri kwa katani ya m'golosale, ndipo potuluka amayi a pakhonde anayamba nthungululu. Nachisale anatsitsa magalasi. Anazungulira mwanayo kawiri, kufuna cholakwika monga ankachitira ndi ntchito ya telala aliyense. Mapewa anakhala pamalo pake. Kolala inagona bwino. Chiuno chinagwira, chosathina, chosakhwepa. Munthu amene sanamuone mwanayo zaka zisanu anamusokera ngati anali naye dzulo.

Koma Ndaziona anakulira pakhonde limenelo. Anayenda mapazi atatu, anamva siketi ikulemera m'munsi, anakhala pa kampando kake n'kutembenuza mpendero. Unali wa zala zinayi, wopindidwa kawiri. Anatembenuza m'mbali: nsalu yotsalira inali yokwana kukulitsa siketiyo kawiri konse. Anayang'ana Nachisale.

"Iyi simunasoke ndinu."

"Sindine."

"Inu simusiya mpendero. Wasoka ndani?"

Amayi a nthungululu aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya tomato wopanda mwini. Nachisale anakhala pansi ndipo anamuuza zonse. Anamuuza za chingwe, za chala cha kuphazi choponda nsonga, za mfundo imene inachoka pachifuwa n'kufika pachibwano.

"Munati n'za boma," anatero mwanayo.

"Ndinanama. Pamenepo ndinakulakwira, undikhululukire."

"Ndinakuuzani kuti ndilibe mayi!"

"Unandiuza uli ndi zaka zisanu ndi zitatu, beseni la mandasi likadali m'maso mwako. Mayi uli nawo. Analakwa, ndipo mlandu wawo akuulipira tsiku ndi tsiku. Koma taona mpenderowu. Ine wotere sindinasokepo, mutu wanga sufika kumeneko. Amene anapinda apa akuganiza za iwe wa chaka chamawa, ndi wa chaka chinacho, ngakhale akudziwa kuti mwina sudzawalola kukuona."

Ndaziona anaimirira, misozi ikutsika. "Ndiye kuti simukundifuna."

Mawu amenewo anamulasa Nachisale kuposa onse amene anamvapo, kuphatikizapo a mwamuna wake tsiku limene ankachoka. "Ndikukufuna," anatero. "Ndikukufuna kuposa mmene ungadziwire. Nsaluyi ndinaiyala apa, sizasi ndinaikweza. Ndikanadula, ndikanakhala ndakuba mwana wa munthu amene ali m'ndende, wosatha kudziteteza. Ine ndili ndi zoipa zanga zambiri, koma chimenecho ndakana."

Mwana analowa kuseri kwa katani, anavula yunifomu, anaisiya pa makina, n'kupita osatsazika. Nachisale anaisita, anaikulunga m'pepala, n'kukaisiya kwa malume aja. Lachitatu kampando kanakhala kopanda munthu. Lachinayi chimodzimodzi. Lachisanu Nachisale anasoka mkono wa malaya a m'busa chozondoka, chinthu chimene sichinachitikepo pakhonde limenelo. Mumtima anati, basi, ndataya mwana, ndipo Elube sanamupeze. Ndagwira ntchito yopanda pake.

Loweruka linali lomaliza la mwezi. Nachisale ananyamuka akuganiza zoti akamuuze chiyani Elube. Pa siteji minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza, kondakitala akukuwa. Nachisale anaika phazi limodzi pakhomo, ndipo anamva mayi wina wogulitsa nthochi akuti, "Ii, taonani mwana wa sekondale uyo!" Anacheuka. Ndaziona ankabwera m'mbali mwa msewu, siketi yobiriwira, bulauzi yoyera, nkhope yolimba ngati akupita ku mayeso.

"Zoti ndikalankhula sindikulonjeza," anatero atafika.

"Kwera," anatero Nachisale.

Kalata ya chidindo ija inali ndi mayina awiri kuyambira tsiku loyamba, ndipo kwa zaka zisanu linkagwira ntchito dzina limodzi. Msilikali uja, amene tsopano imvi zinali zitayamba, anaiwerenga, anayang'ana mtsikanayo, n'kunena kuti, "Ndiye mwini chingwe ndi uyu?" Anapita yekha kukamuitana Elube, akuyenda mofulumira kuposa mmene udindo wake unkalolera.

Elube analowa, maso ali pansi, ataiwala kale zoyang'ana kuseri kwa Nachisale. Choyamba anaona mpendero. Anaudziwa. Maso ake anakwera pang'onopang'ono, siketi, chiuno, kolala, mpaka nkhope. Sanakuwe, sanathamange. Anayandikira, anaima pafupi ndi mwanayo phewa ndi phewa, monga ankaimira ndi chingwe, n'kuika dzanja pamutu pa mwanayo ndi kulibweretsa kwa iye mwini. Linafika pakhutu.

"Wakulanso," anatero. Kenako manja ake, osadziwa chochita, anayamba kukonza kolala imene inalibe chokonza. "Sikukuthina m'khwapamu? Ndinkaopa m'khwapamu."

Ndaziona anapukusa mutu. Anayang'ana manja aja, zala zodzaza ndi timabala ta singano. 

"Amayi," anatero.

Pakamwa pa Nachisale panatseguka pokha, chifukwa kwa chaka ndi miyezi anazolowera kuvomera. Anapatseka. Anaweramitsa mutu n'kuyang'ana zikhadabo zake, ndipo anamva mawu a munthu wina akuvomera kuti, "Ndili pano, mwanangu." Ataweramuka, awiri aja anali atagwirana, akulira mokweza osasamala za munthu. Akaidi aakazi amene anali kuseri kwa zenera, amene kwa milungu itatu anaona Elube akumasula ndi kuyambiranso msoko uliwonse, anaimba nthungululu zimene zinamveka mpaka pa geti. Msilikali uja anayenera kuwaletsa. Sanawaletse, anali kalikiliki kufuna mpango m'thumba.

Ndipo Nachisale, amene ankayembekezera kuti mtima wake usweka pamenepo, anadabwa kupeza kuti akuseka. Misozi inkatsika, inde, koma ankaseka. Chibadwire sanasokepo chinthu chimene chinamukhala munthu bwino ngati yunifomu imeneyi, imene iye sanaikhudze ndi singano.

Elube anatuluka patatha chaka ndi miyezi ingapo. Sanapite kwina. Pakhonde paja panabwera makina achiwiri, a Elube, ndipo anthu amene poyamba ankadutsa chapatali anayamba kubwera, makamaka amayi ofuna mpendero waukulu, amene tsopano anali ndi kopita. Nachisale ankang'ung'udza kuti akumulanda makasitomala, koma mafuta a makina ankamubwereka Elubeyo osawerenga. Siketi ija inatsitsidwa kawiri, pa tchuthi cha Fomu 2 ndi cha Fomu 3, ndipo anaitsitsa ndi mwini wake amene anaipinda. Ndaziona akabwera ku tchuthi ankafikira kwa mayi ake. Akamaliza kupereka moni kumeneko ankakoka kampando kake kaja n'kukhala pakati pa makina awiriwo, ndipo iye ankamutcha Nachisale kuti mayi aakulu.

Tsopano tsegulani makope aja, ngati mukufunabe kulemba. Mawa aliyense wa inu alandira njinga, kalata ya chidindo, ndi dzina la mwana. Mwanayo akakupwetekani mutu, ndipo zimenezo sindikuda nazo nkhawa, mupirira. Ndikuda nkhawa ndi tsiku limene adzakukondeni. Tsiku limenelo mudzapeza zifukwa zabwino zambiri zosapitira kundende, ndipo anthu adzakuyamikani. Mukumbukire kuti kuseri kwa mpanda uja kuli bambo kapena mayi amene analakwa, koma akufunsabe kuti mwana wake akufika pati. Boma silinakulembeni kuti mukhale pa mpando wa munthu ameneyo. Linakulembani kuti mpandowo musalole uchotsedwe mpaka mwini wake abwere. Ndiye tsiku limene mwana adzaitane kuti amayi kapena ababa inu muli pomwepo, mwini dzina ali pomwepo, mudzatseke pakamwa ngati Nachisale, mumve mmene wina akuvomerera. Mukafika pamenepo, ntchito mwaigwira.